Madzi a Wailesi ya Amalume

Kuseri kwa nyumba yathu ku Kanyama kunali kapaipi ka kopa kotuluka m'nthaka, kutalika kwake ngati chikhatho chimodzi basi. Kumutu kwake kunali kophwatalala chifukwa cha hamala, ndipo pakhosi pake panamangidwa waya amene ankakwawa m'mbali mwa khoma n'kukalowa pawindo la chipinda cha amalume. Ndili ndi chipsera pachala chachikulu cha phazi lamanzere, ndinapunthwa pa kapaipi komweko. Ndikamawenga zikhadabo ndimachiona, ndiye ndimakumbuka chaka chija mvula inachedwa, ine ndili giredi folo.

Kapaipi kameneko kankamwa madzi. Musaseke. Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni, za magetsi sindingakuuzeni zambiri, koma ichi chokha ndimachidziwa bwino: siteshoni ya wailesi ya mediyamu wevu imayenda ndi miyendo iwiri. Mwendo wina ndi waya wam'mwamba, wina ndi nthaka. Nthaka ikauma, mawu amatsimphina, safika patali. Anandiuza ndi amalume, kenako ndinadzadzionera ndekha m'njira imene mpaka lero imandichititsa manyazi pang'ono.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi, wobadwa pambuyo pawo. Anabwera kudzakhala nafe atawachotsa ntchito kufakitale ina kumene ankakonza za magetsi. Bambo anga anali atamwalira kale, ndiye pakhomo tinali atatu. Ife ndife Asilamu, makolo a amayi anachokera ku Malawi kalekale, ndipo amayi sankaphonya pemphero la swala olo limodzi. Amalume, mmm. Chaka choyamba sankachita chilichonse. Ndimakumbuka masana ena azibambo awiri akuwabweretsa pa wilibala, miyendo ili lendee, ana a m'komboni akuimba pambuyo. Amayi anawalandira, anathokoza azibambo aja, anatseka chitseko, ndipo tsiku limenelo sanapite kumsewu kukagulitsa vitumbuwa. Ine ndinkaganiza kuti amalume adwala malungo, fungo la mowa ndinali ndisanalidziwe.

Kenako anayamba kutola mawailesi akufa. Anthu ankataya, iwo ankatola. Ankawang'amba pathebulo, n'kumasankha tizinthu ting'onoting'ono tokhala ngati nyemba zamiyendo. Chipinda chawo chinkanunkha mtovu wosungunuka ndi pulasitiki yopserera. Patapita miyezi, zonse zija zinalowa m'chitini cha mabisiketi. Maikolofoni anachotsa pa kaseti yakufa n'kuiveka sokosi. Mphamvu inkachokera ku batire ya galimoto. Waya wautali anaukoka kuchoka padenga mpaka pamtengo wa mango wa aneba, ndipo kapaipi kaja anakakhoma pamng'alu pakati pa miyala, chifukwa Kanyama ndi miyala yokhayokha, aliyense amene anakumbapo chimbudzi akudziwa.

Tsiku loyamba anandituma nditenge kawailesi kathu ndiziyenda nako mumsewu. Ndinafika pachigayo mawu a amalume akutulukabe m'manja mwanga. Ndinafika kumsika akutulukabe. Nditadutsa msika pang'ono anamira m'phokoso. Mbali inayo ankathera pamsewu waukulu. Ndi pang'ono, ndikudziwa. Koma kwa ife dziko linali lomwelo.

Ankapezeka kumapeto kwenikweni kwa singano, kumene kunalibe siteshoni ina. Azimayi ankadonthezera kiyutekisi wopaka m'zikhadabo pagalasi la wailesi kuti asamasowe malo ake. Ankalankhula kawiri patsiku: sikisi koloko m'mawa kwa theka la ola, ndi sikisitini awazi, folo koloko masana, mpaka batire itafooka. Panyumba ankalankhula Chichewa cha amayi, koma akakhala pamaso pa sokosi ija ankasanduka wa m'tauni. "Muli bwanji ba Kanyama, kuno ni kuseli kwa nyumba." Ankalengeza maliro, mwana wosowa, chiphaso cha reji chotoledwa pamsika, moni wa anthu, n'kuikapo kalindula kapena rumba ya pakaseti. Ndale sizinkalowa m'chitini chija. Pepala la boma analibe, ndiye galimoto yachilendo ikadutsa pang'onopang'ono ankazimitsa mawu ali pakati.

Koma chimene chinapangitsa kuti anthu aikonde ndi madzi. Chaka chimenecho mapompi a m'komboni ankatulutsa madzi mwa kufuna kwawo. Lero iyi, mawa ija, osadziwika. Mzimayi ankatha kuima pamzere kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa pamutu, pomwe kwinako madzi akutayika. Ndiye amalume azana ya m'mawa, kuitana kuja kwa kumzikiti, ikangomveka ankakwera njinga n'kuzungulira mapompi onse asanu, sikisi koloko n'kukhala ali pampando. "Pompi ya ku chigayo ichosa manzi. Ya pa msika yauma, musataye nthawi. Ya ku chalichi idontha chabe, yendani na mupando." Ukaima panja nthawi imeneyo unkamva zigubu zikugundana, komboni yonse ikukhotera mbali imodzi.

Kusunga siteshoni yotero si masewera, ndikunena ine amene ndinaona. Batire ankainyamula panjinga kupita nayo kugalaja kukaitchaja masiku awiri alionse, asidi wake anawadyera mathalauza onse. Kawiri anyamata anadula waya wam'mwamba kukapangira magalimoto oseweretsa. Kachiwiriko amalume anangogula wina, n'kunena pawailesi kuti, "Uja anatenga waya yanga, motoka ikasila abwele nayo, tiione ngati ni yabwino." Kaseti inkatafuna matepi. Mphepo ya Ogasiti inkagwedeza waya mawu n'kumanjenjemera ngati munthu wa mphepo. Zonsezi ankazithetsa okha. Chimodzi chokha anapatsa ine.

Tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu masana, ndinkatenga chigubu cha malita asanu, kuthiramo mchere wodzaza dzanja, kukhutchumula, n'kuthira pang'onopang'ono mozungulira kapaipi kuti madzi alowe pansi, asathamangire pamwamba. Nthawi imeneyo amalume ankakhala ali kugalaja kapena kumsika kokonza mawailesi a anthu, amayi ali kumsewu. Panalibe wondiyang'anira. Madziwo ankabwera nawo amalume okha panjinga m'mawa, ndipo chigubu chake chinali ndi chingwe chofiira kuti chisasokonezeke ndi zapanyumba.

Amayi chigubu chimenecho ankadana nacho. "Anthu akumenyana papompi, inu mukumwetsa chitsulo." Masiku ena ankati, "Chidzabala chiyani chitsulo chanucho, nthochi?" Sikisitini awazi ikakwana ankati phokoso layamba, ndipo ankanena poyera kuti iwo samvera zimenezo. Madzi ankawasamala ngati mafuta ophikira. Olo a wudhu, kusamba kuja kwa m'manja, kumaso ndi kumapazi munthu asanaswali, ankayeza ndi kaketulo kawo kachitsulo kopindika mlomo. Anali ndi mwala wawo wosalala pambali pa bafa, pamthunzi, pobisika, ndipo ankakhala pamenepo kasanu patsiku.

Manje apa ndi pamene ndikulowa ine.

Mu Okutobala fumbi la Kanyama limalowa mpaka m'mano. Yunifomu ndinali nayo imodzi, ya kolala yoyera, ndipo amayi ankalola kuichapa Loweruka lokha. Lachitatu lina aphunzitsi anandiimika kutsogolo. Anagwira kolala yanga ndi zala ziwiri, ngati akunyamula khoswe wakufa. "Iyi ni kolala olo ni saka ya malasha? Ku nyumba kwanu kuli siteshoni yonse ya wailesi, koma sopo kulibe?" Kalasi yonse inaseka. Mtsikana amene ndinkakhala naye desiki imodzi anasuntha pang'ono nditabwerera. Kusuntha kumeneko kunandipweteka kuposa mawu a aphunzitsi.

Masana amenewo ndinaima ndi chigubu cha chingwe chofiira m'manja, ndikuyang'ana kapaipi. Kanalibe pakamwa. Sikakananena kanthu. Mchere sindinathire. Ndinapita kuseri kwa chimbudzi ndi beseni ndi kachidutswa ka sopo, ndinachapa yunifomu, ndinatsukuluza, ndinayanika pamwala wotentha. Dzuwa la Okutobala silichedwa, pofika fifitini awazi inali itauma. Ndinasiyako kapu imodzi, ndipo imeneyo ndinawaza mozungulira kapaipi kuti dothi lioneke lakuda.

Uchitsiru wake ndi uwu, ndipo ndimaseka ndekha ndikauganiza: madzi a sopo aja akanagwira ntchito bwinobwino. Nthaka sisankha. Koma ndinkaopa kuti thovu lindiulula, ndiye ndinkawathira m'chimbudzi. Malita asanu, m'chaka cha chilala, m'dzenje la chimbudzi. Ndinachita zimenezi tsiku lotsatira, ndi linzake, mpaka zinangokhala ntchito yanga yatsopano. Kolala yanga inkawala kuposa ya mwana wa ahedi.

Mlungu woyamba sipanasinthe kanthu, ndiye ndinati amalume amangokokomeza. Mlungu wachiwiri kunabwera mayi wina wogulitsa malasha kumsika, wa ku Kopabeti, wonenepa, woseka mokweza. Wailesi yake inkakhala pamwamba pa matumba, ndipo msika wonse unkamvera pa iyeyo. Anaima pawindo la amalume. "Ba injiniya, wailesi yanu yadwala? Kuja kwathu timvela chabe monga muntu akazinga kapenta." Amalume anaseka, anati mwina ndi mabatire ake. Iye anati mabatire ndi atsopano, "musaninamizile."

Kenako mawu analeka kufika kuchigayo. Tsiku lina m'mawa analengeza kuti madzi ali kupompi ya kutchalitchi, koma a kumsika sanamve. Anaima papompi youma mpaka masana. Madzulo ake anabwera azimayi anayi ndi zigubu zopanda kanthu, osakalipa ayi, kungodandaula, ndipo wina anati bola kale pamene kunalibe wailesi, munthu ankadziyendera yekha. Amalume anaima pakhomo manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu.

Anatsegula chitini. Anachotsa kanthu aka, kuikapo kena, kuyesa, kubwezeranso. Anakwera mumtengo wa mango kukakweza waya, nyerere zikuwaluma. Anasintha batire ndi ya munthu wina. Tsiku lina anandiitana.

"Wathira?"

"Ndathira, amalume."

Anazungulira kuseri, ine ndikuwatsatira. Anayang'ana dothi lakuda lija, anagwedeza mutu, n'kundigwira pamutu. "Iwe ndiye sulakwitsa." Dzanja limenelo ndimalimvabe mpaka pano, linali lotentha, lonunkha mtovu. Ndikanatha kunena pomwepo. Sindinanene. Ndinaganiza za desiki ija, ndi mtsikana uja akusuntha.

Lolemba la mlungu wachitatu anakwera njinga kupita ku Kamwala kukasaka kachipangizo kamene ankati mwina ndi kamene kafooka. Sikisitini awazi inakwana asanabwere. Kanali koyamba chiyambire kuti chitini chikhale chete nthawi imeneyo. Anthu awiri anabwera ndi mapepala a maliro, amayi anawalandira pawindo n'kunena kuti eni ake achokapo. Amalume anafika dzuwa likulowa, njinga akuikankha, osaikwera. Atandidutsa ndinamva fungo lija la tsiku la wilibala, ngati zipatso zowola. Amayi anawaikira chakudya. Iwo sanadye. Anati, "Zinthu zimenezi zinali zakufa kale, ndimangozikakamiza. Lachisanu ndimasula zonse. Waya ndiwapatsa anyamata apange magalimoto awo."

Lachiwiri azana inamveka, njinga sinatuluke. Lachitatu anatuluka m'ma teni, wapansi, osanena kumene akupita. Chigubu cha chingwe chofiira chinali chidakali ndi madzi otsala a Lolemba, ndipo ine, ndinene zoona, ndinapita nacho kuseri kwa chimbudzi ngati masiku onse.

Tsiku limenelo mafuta anawathera msanga amayi, ndiye anabwerera kunyumba. Ndinangoona chithunzithunzi chawo chagwera m'beseni. Anayang'ana thovu, anayang'ana chingwe chofiira, kenako anapita pa kapaipi. Anatola kamtengo n'kukumba. Pamwamba dothi lakuda, kuzama ngati chikhadabo. Pansi pake fumbi loyera, louma ngati ufa.

"Kuyambira liti?"

"Milungu itatu."

Ndinatseka maso kudikira mbama. Sinabwere. Anandifunsa kuti chachitika n'chiyani kusukulu, ndipo ndinawauza zonse, za saka ya malasha, za siteshoni yopanda sopo. Anacheukira beseni lija, nkhope yawo ikuwala ndi mafuta a vitumbuwa.

"Tsukuluza bwino kolalayo, sopo akatsalira amayabwa," anatero. "Ndipo amalume ako usawauze kanthu."

Anatenga chitsulo chimene tinkatsekera chitseko n'kubowola nthaka mozungulira kapaipi, mabowo ambirimbiri, thukuta likudontha. Ananyamula beseni langa la thovu n'kukhuthula pamenepo. Nthaka inamwa ndi kaphokoso, ngati mwana woyamwa. Kenako anati ndiwathandize. Tinapita pambali pa bafa, tinazula mwala wawo wosalala uja, n'kuugubuduza mpaka pafupi ndi kapaipi. Unali wolemera, unandiphwanya chala. Malo atsopanowo anali padzuwa, moyang'anana ndi kanjira kamene anthu ankadutsa popita kuchigayo.

Nthawi ya swala ya masana itakwana anabwera ndi kaketulo kawo, anakhala pamwala, anapinda manja a diresi n'kuyamba wudhu. Madzi a m'manja, a kumaso, a m'zigongono, a kumapazi, onse ankatsikira m'mabowo muja. Anandiuza kuti nanenso ndizichitira pomwepo. Madzi otsukira mbale anapita pomwepo. Madzi amchere oviikamo kapenta, pomwepo. Otsukuluzira zovala, pomwepo. Palibe dontho limene linapitanso m'ngalande.

Lachinayi masana amalume anali atakhala pakhonde, maso ofiira, akuyang'ana pansi. Amayi anawaponyera mapepala aja pamiyendo, anali atakwana asanu tsopano. "Anthu asiya maliro awo pano. Ine kuwerenga sindidziwa. Kawerengeni, mawa mumasule zanuzo monga mwanenera." Amalume anawayang'ana mapepalawo, anadzuka, analowa m'chipinda. Sikisitini awazi ndinamva mawu awo pakhoma, otsika, opanda nthabwala. Atamaliza mayina onse anazimitsa.

Lachisanu anati alengeze komaliza kuti anthu asamavutike kusaka siteshoni pasingano. Anali asanafike pa mawu otsanzika pamene tinamva mawu awo omwewo akubwera kuchokera kunjira, akukulirakulira. Anali mayi wa malasha uja, wailesi ataisenza pamutu ngati mtolo, manja ali bii. Anaima pawindo, maikolofoni ili yotsegula, moti Kanyama yonse inamumva. "Ba injiniya, mwaipasa mankwala ya bwanji? Kuchokela zulo imveka monga muli mu saka yanga ya malasha. Nabwela nayo kuchoka ku msika, siinaleke olo pang'ono."

Amalume anaika kaseti, anatuluka. Sanapite kwa mayi uja, anazungulira kuseri. Ine ndinali pakona ya nyumba. Anaona mwala, kaketulo kali pambali pake, mabowo, matope. Anagwada n'kulowetsa chala m'bowo limodzi mpaka chonse chinamira. Anakhala choncho kanthawi. Kenako anadzuka, anapukuta chala pathalauza, anandidutsa osandiyang'ana moipa kapena mokoma, n'kukamuuza mayi uja kuti, "Yenze chabe na njota." Ludzu basi. Madzulo amenewo anapopa matayala a njinga.

Sanandifunsenso kuti wathira. Olo tsiku limodzi. Chilango changa chinali chimenecho, ndipo chinandikwana.

Mvula inabwera kumapeto kwa Novembala, Kanyama inasefukira monga mwa masiku onse, ndipo mawu a amalume anawoloka msewu waukulu mpaka anthu a kutsidya anayamba kubweretsa mapepala awo. Siteshoni ija inakhala zaka zingapo. Sinafe ndi ludzu kapena ndi anthu a boma. Kunabwera masiteshoni a FM omveka mbee, ndipo singano za anthu zinasamuka, kiyutekisi uja anangotsala pagalasi. Amalume anaitseka okha, ali ndi kashopu kawo kumsika, ali ndi mkazi, Lachisanu akuvala kachipewa koyera popita kumzikiti. Wilibala ija sinabwerenso pakhomo pathu. Lero ndimagulitsa zovala za salaula ku Chawama, wailesi ndimamvera pafoni, ndipo ana anga ndikawauza kuti wailesi imamwa madzi amayang'anana.

Koma mwala uja sunabwerere pamthunzi mpaka mvula itagwa. Milungu yonseyo amayi ankachita wudhu padzuwa, anthu opita kuchigayo akuwaona mikono, chinthu chimene mzimayi ngati iwo sakanachilola. Ndinawafunsa kamodzi chifukwa chake. Anati pano ndi pabwino. Ndipo sikisitini awazi ikakwana ankadandaulabe chimodzimodzi, phokoso layamba, chitsulo chidzabala nthochi.

Ine ndinkaganiza kuti zonsezo achitira ine, kuti ndizichapa yunifomu yanga osagwidwa. Ndinkanyada nazo mumtima. Chimene chinkandisokoneza n'chakuti munthu wodana ndi wailesi chotero, nthawi ija ikamayandikira, ankasiya chilichonse chimene akuchita, olo mafuta ali pamoto. Kawailesi kathu sankakayatsa n'komwe. Ankangoima pakhonde, kaketulo kali m'manja, akuyang'ana chitseko cha chipinda cha amalume, mpaka aone kuti chatsekedwa ndipo mlongo wawo ali mkati.